Wosamalira akaona chilonda chosadziwika chiyambi

Pa 31 May 2011, pulogalamu ya Panorama ya BBC inaonetsa zithunzi zojambulidwa mobisa m'chipatala cha Winterbourne View, kufupi ndi mzinda wa Bristol ku England. M'chipatalamo munkakhala anthu a ulumali wovutika kuphunzira komanso a autism. Dziko linaona ogwira ntchito akuwawomba mbama, kuwapanikiza pansi ndi mpando, kuwathira madzi ozizira n'kuwasiya panja pa chisanu. Pasanathe mwezi chipatalacho chinatsekedwa. Ogwira ntchito 11 anavomera milandu yawo, ndipo 6 mwa iwo anawalamula kukakhala kundende mu 2012.

Ndimaphunzitsa anthu ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi aulumali, ndipo mbali ya nkhaniyi yomwe ndimaimapo nthawi yaitali ndi ya namwino Terry Bryan. Iyeyu anali atadandaula kale kwa mabwana ake komanso ku Care Quality Commission, bungwe loyendera malo oterewa, koma palibe anachitapo kanthu mpaka nkhaniyo inafika kwa atolankhani. Ankhanza anali ochepa. Amene ankaona n'kukhala chete, kapena kulandira dandaulo n'kulisiya pa tebulo, anali ambiri. Maphunziro athu amalunjika kwa ambiriwa.

Ku England maziko a ntchitoyi ndi lamulo la Care Act la 2014, lomwe linayamba kugwira ntchito mu April 2015. Gawo 42 limalamula khonsolo kufufuza ikakayikira kuti munthu wamkulu wofunika chisamaliro akuchitidwa nkhanza kapena kunyalanyazidwa, kapena ali pa chiopsezo chotere, ndipo sangathe kudziteteza yekha. Chaka chomwecho kunabwera Care Certificate, maphunziro oyamba a aliyense wolowa ntchitoyi, ndipo kuteteza akuluakulu ndi ana ndi mitu iwiri mwa mitu yake. Munthu asanalembedwe ntchito, mbiri yake imafufuzidwanso ndi Disclosure and Barring Service. Kufufuzako n'kofunika, koma kumangogwira amene anadziwikapo kale.

Malangizo a lamuloli amatchula mitundu 10 ya nkhanza. Kumenya, kugwiririra ndi kuba ndalama aliyense amazizindikira. Kalasi imakhala zii tikafika pa nkhanza zochokera m'kayendetsedwe ka malo. Kudzutsa agogo onse 5 koloko m'mawa n'kuwasambitsa kuti a shifiti ya masana apeze ntchito itachepa. Kuveka munthu matewera awiri kuti asasinthidwe usiku. Kuika kapu ya madzi pamene dzanja lake silifika, kenako n'kulemba m'buku kuti wakana kumwa. Kuzula chingwe cha belu chifukwa amaitana pafupipafupi. Palibe womenyedwa, komabe munthu amafooka, amatuluka zilonda za pogona, ndipo amasiya kupempha. Wogwira ntchito watsopano amauzidwa kuti "kuno timachita chonchi", ndipo pakatha milungu ingapo sazionanso ngati zachilendo.

Ndiye timaphunzitsa maso. Khungu la wokalamba silichedwa kubiriwira, makamaka ngati akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, choncho si chipsera chilichonse chomwe chili umboni wa nkhanza. Koma mabala a m'kati mwa mkono ooneka ngati zala, kapena a m'ntchafu, sabwera kawirikawiri ndi kugwa. Wosamalira amalemba malo ake pa chithunzi cha thupi, kukula kwake, mtundu wake, tsiku ndi nthawi. Amatcheranso khutu ndi diso ku kusintha kwa khalidwe: mayi wokonda macheza amene wayamba kunjenjemera wogwira ntchito wina akalowa, bambo amene firiji yake ilibe kanthu chikhalirecho penshoni akulandira, ndipo kwabwera "mnzake" watsopano wosunga khadi la kubanki.

Chovuta kwambiri n'choyenera kuchita munthu akaulula yekha. Nthawi zambiri amayamba ndi mawu akuti, "Ndikuuzeni kanthu, koma musauze aliyense." Mtima umafuna kuvomera. Wophunzitsidwa bwino salonjeza. Amayankha mofatsa kuti amvetsera, koma ngati pali choopsa adzauza okhawo amene angathandize. Safunsa mafunso omuikira munthu mawu m'kamwa, ngati akuti "Ndi uje wakumenyani eti?" Amangoti, "Tandiuzani zimene zachitika." Akatero amalemba mawu enieni a munthuyo, osawakongoletsa, n'kusaina. Sapita kukafunsa woganiziridwayo. Ngati pali kukayikira kuti munthu wagwiriridwa, zovala ndi zofunda sazichapa, chifukwa apolisi adzazifuna. Moyo ukakhala pa chiswe amaimba 999 nthawi yomweyo.

Ambiri amadabwa kumva kuti kufufuza si ntchito yawo. Safunikira umboni wokwanira kuti anene. Kukayikira komveka n'kokwanira. Kutsimikiza ndi udindo wa khonsolo ndi apolisi.

Palinso malire amene ndimawateteza kwambiri, chifukwa chifundo chopitirira chimapondereza. Lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu aliyense wamkulu aziyesedwa wotha kudzisankhira pokhapokha zitatsimikizika kuti sangathe, ndipo kusankha mopanda nzeru si umboni woti mutu sukugwira. Agogo amene aganiza bwinobwino n'kupatsa mdzukulu ndalama zambiri ali ndi ufulu wotero, ngakhale wosamalira zisamusangalatse. Funso ndi loti kodi akumvetsa zimene akuchita, nanga pali wina amene akuwaopseza? Ngakhale munthu wodwala dementia akhoza kulephera kuyendetsa ndalama koma n'kutha kusankha chovala, chakudya ndi amene amusambitse. N'chifukwa chake nkhani ikapita kukhonsolo, mwiniwake amafunsidwa chimene akufuna kuti chichitike.

Kuyambira mu 2022, pamene boma la Britain linalola osamalira ochokera kunja kubwera pa visa ya Health and Care Worker, m'makalasi otere mwachuluka abale athu ochokera ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi. Ulemu kwa okalamba amabwera nawo kale, ndipo umaoneka m'kagwiridwe ka manja awo. Koma tinaleredwanso kuti wamkulu satsutsidwa pagulu ndiponso kuti za m'nyumba siziululidwa kunja. Onjezanipo kuti visa yawo yamangiriridwa kwa bwana amene anawaitana, ndiye mumvetsa chifukwa chake munthu angaone choipa n'kumeza mawu. Mantha amenewo ndi enieni ndipo sindiwapeputsa. Ena mwa ogwira ntchitowa nawonso amadyeredwa masuku pamutu, kulipiritsidwa ndalama zambiri kuti apeze ntchito kenako n'kupatsidwa maola ochepa, ndipo ukapolo wamakono uli pa mndandanda womwewo wa nkhanza 10.

Zimene ndimawauza n'zoti njira si imodzi. Woyamba kuuzidwa ndi manijala kapena woyang'anira za chitetezo pamalopo. Iye akanyalanyaza, kapena ngati wokayikiridwayo ndi iye mwini, wosamalira akhoza kuimbira yekha gulu loteteza akuluakulu la khonsolo ya dera lake, kapena Care Quality Commission, yomwe imalandira madandaulo ngakhale munthu asatchule dzina. Lamulo la Public Interest Disclosure Act la 1998 limaletsa kuchotsa kapena kuzunza wantchito chifukwa choulula zoterezi.

Malamulo onsewa analipo kale mu 2019, pamene Panorama inajambulanso ogwira ntchito akunyoza ndi kuopseza odwala ku Whorlton Hall, m'dera la County Durham. Satifiketi yopezedwa pongodina mayankho pa kompyuta siphunzitsa munthu kuyang'ana mnzake wa shifiti imodzi n'kumuuza kuti "siya". N'chifukwa chake m'kalasi mwanga timachita sewero: mmodzi amakhala manijala wotanganidwa wonena kuti "tiona mawa", wina amakhala wantchito watsopano, ndipo timabwereza mpaka watsopanoyo atakwanitsa kunena zimene waona, kupempha kuti zilembedwe tsiku lomwelo, ndi kufunsa nthawi imene khonsolo idziwitsidwe.