Zinyenyeswa za Pulasitiki Mumchenga

Aphunzitsi ndi ana inu nonse, phunziro lathu lero liyambira pa msika wa Lundazi. Malonda akatha madzulo, pansi pamatsala makoko a nthochi, timatumba ta pulasitiki ndi mabotolo. Kodi zonsezi zimathera kuti?

Khoko la nthochi limaola, koma pulasitiki saola. Dzuwa limamuumitsa, mapazi a anthu ndi matayala a njinga namunyenyanyenya, kufikira atasanduka tizidutswa. Tizidutswa tochepera mamilimita 5 akatswiri amatitcha microplastics. Dzinali linamveka kwambiri kuyambira mu 2004, pamene Richard Thompson wa ku Plymouth, ku England, analemba za tizidutswa topezeka mumchenga wa m'mbali mwa nyanja.

Ife tili kutali ndi nyanja, koma nkhaniyi ndi yathu. Mvula imakokolola zinyenyeswazi kunka mumtsinje wa Lundazi. Lundazi amathira mu Luangwa, Luangwa mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja yamchere ku Mozambique. M'njira monsemo nsomba zimameza zinyenyeswa poyesa chakudya, ndipo nsombazo ndiwo zathu.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji ngati zinyenyeswa zili kuchuluka? Amachita kuwerenga. Inunso mungathe kutero pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje m'chilimwe, madzi ataphwera, muli pamodzi ndi aphunzitsi anu. Khomani zikhomo zinayi, nimuzungulize chingwe, mbali iliyonse mita imodzi. Palani mchenga wapamwamba wokha, nimuusefe ndi sefa ya ufa. Zotsala m'sefamo zithireni m'ndowa ya madzi amchere wambiri. Timiyala timira, koma pulasitiki wambiri ayandama. Patulani timitengo ndi njere, werengani zinyenyeswa zenizeni, ndipo lembani m'kope tsiku, malo, maonekedwe ndi chiwerengero chake. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo.

Bwerezani ntchitoyi pamalo omwewo mwezi ndi mwezi, pakuti kuwerenga kamodzi sikuonetsa kusintha. Yerekezani chiwerengero cha mvula isanagwe ndi cha itatha.

Mu 2018 boma la Zambia linaika lamulo loletsa timatumba topyapyala kwambiri, ndipo bungwe la ZEMA ndilo loyang'anira lamuloli. Komatu lamulo silitola zinyalala. Amayi akakutumani kumsika mawa, nyamulani dengu kapena thumba lansalu. Kope lanu lidzakuuzani ngati khalidwe lathu lili kusintha.