Ulusi Wonyamula Masaya

Ku Seoul, ku London ndi ku Johannesburg kuli zipatala zimene munthu amalowamo masaya atagwa, ndipo ola limodzi lisanathe amatuluka atanyamuka pang'ono, osadulidwa ndi mpeni ngakhale kugonekedwa tulo. Pa Chingerezi ntchito imeneyi amaitcha thread lift, ndiye kuti kukweza nkhope ndi ulusi. Otsatsa malonda amati munthu angathe kuichititsa pa nthawi ya nkhomaliro n'kubwerera ku ofesi. Zakuti njachangu n'zoona ndithu. Chimene satchula mokweza n'chakuti ulusiwo umanyamula pang'ono zedi, ndipo umanyamula kwa kanthawi.

Kuti nkhaniyi imveke, n'kofunika kuyamba ndi chimene chimagwetsa nkhope. Ambiri amayesa kuti ukalamba uli pa khungu pokha, chonsecho khungu ndi chofunda chabe. Pansi pake pali timagulu ta mafuta timene timadzaza masaya a mwana, pali timitsempha tolimba tomangirira mnofu ku mafupa, ndiponso pali mafupa enieniwo. Zaka zikamapita mafuta aja amachepa ndi kutsetserekera m'munsi, zomangira zija zimakhwefuka, mafupa a m'mbali mwa maso ndi a nsagwada amaphwa pang'onopang'ono, ndipo khungu limataya collagen, chinthu chimene chimalilimbitsa. Apa ndi pamene mzera wochokera pa mphuno kupita pa ngodya ya pakamwa umazama, ndipo mnofu umayamba kulendewera m'mphepete mwa nsagwada. Ulusi subwezera mafuta kapena mafupa. Ntchito yake ndi kukoka chimene chatsikacho kuti chibwerereko kumtunda.

Nzeru imeneyi inatchuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi dotolo wa ku Georgia, Marlen Sulamanidze, amene anakonza ulusi wokhala ndi timinga ting'onoting'ono m'mbali mwake, nautcha Aptos. Timingato timagwira ntchito yonga ya mbedza: ulusi umalowa bwinobwino, koma ukakokedwa chobwerera umakola mnofu. Ulusi woyambawo unali wa polypropylene, mtundu wa pulasitiki umene susungunuka m'thupi. Ku America kunabwera wina wofanana nawo, wotchedwa Contour Threads, umene unalandiridwa ndi chimwemwe chachikulu. Chimwemwecho sichinakhalitse. Anthu anayamba kudandaula kuti ulusi ukuonekera pansi pa khungu, ukuduka, kapena nsonga yake yaboola n'kutulukira kunja. Ndipo kuchotsa chinthu cha minga chimene mnofu wamera kale mochizungulira si ntchito yamasewera. Pofika m'chaka cha 2007 ulusi umenewu unachotsedwa pa msika.

Ntchitoyi ikadafera pomwepo pakadapanda ulusi wosungunuka. Madotolo a opareshoni akhala akusokera mabala a m'kati mwa thupi ndi ulusi wa polydioxanone, mwachidule PDO, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ulusiwu thupi limaudya lokha m'miyezi ngati 6 kapena kupitirirapo pang'ono. Ku South Korea, kumene ntchito zokongoletsa nkhope ziri malonda aakulu, anautenga ulusi umenewu n'kuudula timinga, ndipo kuchokera kumeneko unafalikira m'maiko ambiri. M'chaka cha 2015 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza wina wotchedwa Silhouette InstaLift, umene m'malo mwa minga uli ndi timikanda tosongoka mbali imodzi. Palinso ulusi wa PLLA ndi wa PCL umene umatenga chaka kapena zaka 2 kuti uthe. Wina ndi wosalala, wopanda minga konse. Umenewo sunyamula kanthu, amangouika kuti uputeko khungu lipange collagen watsopano. Munthu wofuna kunyamulidwa masaya akauzidwa kuti amuika ulusi 20 kapena 30 pa mtengo wotsika, ayenera kufunsa kuti ndi ulusi wa mtundu wanji, pakuti kuchuluka kotero kawirikawiri kumakhala kwa wosalalawo.

Tsiku la ntchito lisanafike pamakhala kukambirana, ndipo apa ndi pamene dotolo woona amadziwikira. Amayang'ana kukhuthala kwa khungu ndi kulemera kwa masaya, mwina n'kukankhira tsaya m'mwamba ndi chala pa galasi kuti mwiniwake aone malire a chimene chingatheke. Oyenera ulusi ndi amene nkhope yawo yangoyamba kumene kugwa, makamaka a zaka zapakati pa 35 ndi 55. Nkhope yonenepa kwambiri imalemera kuposa mphamvu ya timinga. Nkhope yowonda, ya khungu lopyapyala, imaonetsa ulusi monga nsalu yopepuka ionetsera msoko. Ndipo amene khungu lawo latayirira kwambiri sangathandizidwe ndi njira imeneyi, chifukwa ulusi suchotsa khungu lotsala, umangolikwinyira malo ena.

Dotolo amafunsanso za matenda: shuga, vuto la magazi osaundana msanga, matenda ofooketsa chitetezo cha thupi, zilonda kapena ziphuphu zamafinya pa nkhope, ndiponso ngati mayi ali woyembekezera. Mankhwala monga aspirin amachulukitsa kutaya magazi pansi pa khungu, koma amene anapatsidwa mankhwala otere kaamba ka mtima asawasiye mwa iwo okha pofuna kukongola. Ayambe afunsa dotolo amene anawalembera. Pali funso lina limene likhudza kwambiri anthu a khungu lakuda. Khungu lotere limakonda kupanga zipsera zotukumuka, zimene madotolo amazitcha keloid, zonga zija zimamera pa khutu la munthu akabooletsa ndolo. Limakondanso kusiya banga lakuda pamene panali bala. Tibowo ta ulusi n'tating'ono, komabe munthu amene anatulukapo chipsera chotere aulule yekha ngakhale asanafunsidwe.

Ntchito yeniyeni imayamba munthu ali chikhalire, osati chogona, chifukwa nkhope ya munthu wogona chagada imabwerera yokha m'mbuyo n'kunamiza diso. Dotolo amalemba mizera pa masaya kusonyeza modzera ulusi, napukuta khungu ndi mankhwala opha tizirombo. Kenaka amabaya jekeseni wochititsa dzanzi, kawirikawiri lidocaine, ndipo ambiri amanena kuti kubaya kumeneku ndiko kumawawa koposa zonse. Dzanzi likagwira amaboola kabowo pamwamba pa khutu, pafupi ndi poyambira tsitsi, n'kulowetsa singano yaitali ya mphako, yobuntha kunsonga, imene m'kati mwake muli ulusi. Kubunthako n'kwadala: singano yotere imakankhira mitsempha pambali m'malo moiboola. Iyenera kuyenda m'mafuta a pansi pa khungu. Ikadzera pamwamba kwambiri ulusi udzaoneka. Ikazama kwambiri ikhoza kukhudza mitsempha yoyendetsa nkhope kapena kanjira ka malovu kodutsa m'tsaya. Luso lonse lagona pamenepa.

Munthu amakhala ali maso nthawi yonseyi. Samva ululu weniweni, koma amamva kukankha ndi kukoka, nthawi zina ndi kaphokoso kokhetemula m'khutu pamene timinga tikukola, ndipo ena zimenezi zimawachititsa nthumanzi. Singano ikasololedwa ulusi umatsala m'kati. Dotolo amasisitira tsaya m'mwamba kuti mnofu ukhale pa timinga, nakoka, nayerekeza mbali ziwirizo, kenaka n'kudula nsonga yotsala kuti ibisale pansi pa khungu. Amachita chimodzimodzi ndi ulusi ungapo mbali iriyonse. Zonse zimatha pa mphindi 30 mpaka 60.

Nkhope imene munthu amaiona pa galasi tsiku limenelo si imene adzakhale nayo. Imakhala yotupa, yokokedwa mopitirira pang'ono, ndipo pena pamakhala timaenje kapena timakwinya pamene ulusi wagwira. Kutupako kumadzaza masaya ndi kufafaniza makwinya, kotero kuti zithunzi zojambulidwa ntchito itangotha zimakometsa ulusi kuposa m'mene uliri. Masiku oyamba pamakhala kupweteka, mikwingwirima ya magazi oundana, ndi kulasa kwadzidzidzi munthu akaseka kapena kutafuna. Zambiri mwa izi zimatha m'sabata imodzi kapena 2.

Malangizo opita nawo kunyumba ali ndi cholinga chimodzi, chakuti timinga tisasuthuke mnofu usanagwirane nato. Munthu agone chagada, mutu uli pamwamba. Asatikite nkhope, ndipo posamba asapukute chotsitsa. Asayasamule kukamwa konse, asalimbane ndi zakudya zolimba monga nzimbe kapena chimanga chootcha, ndipo aleke kaye masewera olimbitsa thupi. Ngati pali dzino lofuna kuzula kapena kumata, ndi bwino kuthana nalo ntchito ya ulusi isanachitike, chifukwa kukhala chiyasamire pa mpando wa dotolo wa mano kungaononge zonse. Tsono mawu aja akuti munthu abwerera ku ofesi masana omwewo ngoona pa miyendo pokha. Nkhope imafuna masabata angapo akuisamala ngati dzira.

Nanga phindu lake limakhala mpaka liti? Zipatala zambiri zimalonjeza chaka chimodzi kapena zaka 2, pofotokoza kuti ulusi ukasungunuka pamatsala collagen amene thupi linamanga mouzungulira, ndipo ameneyo amapitiriza kugwira mnofu. Zakuti collagen amapangidwa n'zoona. Koma zakuti angathe kusenza tsaya limene likutafuna, kuseka ndi kulankhula tsiku ndi tsiku, madotolo ena amene anatsatira odwala awo anapeza zosiyana. M'chaka cha 2009 gulu la madotolo a ku New York linafalitsa zimene linaona pa anthu 33 oikidwa ulusi wosasungunuka uja. Patapita mwezi umodzi onse ankaoneka bwino, koma pomadzawayezanso patadutsa chaka ndi kupitirira, amene anangoikidwa ulusi wokha popanda chithandizo china phindu lawo linali litazimirira. M'chaka cha 2019 Dario Bertossi ndi anzake a ku Verona, m'dziko la Italy, analemba za anthu 160 oikidwa ulusi wa minga wa PDO. Kusintha kunaoneka bwino mwezi woyamba, kunachepa kwambiri pofika miyezi 6, ndipo chaka chitatha kunalibenso. Pa anthu 160 amenewo, 55 anakumana ndi vuto lina lake masiku oyambirira, monga ulusi kusunthira pamwamba, khungu kufiira, timaenje, kapena bala kulowa tizirombo.

Ulusi wamakono ndi wosiyanasiyana ndipo manja a madotolo salingana, kotero ena amapeza zabwino kuposa zimenezi. Ngakhale zitayenda bwino chotani, kunyamukako kumayezedwa m'mamilimita ochepa. Anansi sadzati munthuyo wabwerera ku utsikana. Adzangoti akuoneka ngati wagona tulo tabwino. Kwa ena zimenezi n'zokwanira, ndipo palibe chifukwa chowanyozera. Okhumudwa ndi aja amene anapita ndi chithunzi cha zaka 15 zapitazo m'thumba.

Mavuto ambiri ndi aang'ono ndipo amatha okha, koma pali zizindikiro zosafunika kuzengereza nazo. Kutupa kumene kukukulirakulira m'malo mophwa, malo otentha ndi opweteka kwambiri, mafinya, kutentha thupi, nsonga ya ulusi yotulukira pa khungu, mlomo wopotoka kapena chikope chokana kutseka, tsaya lotupa nthawi ya kudya: zonsezi n'zobwerera nazo kwa dotolo tsiku lomwelo. Ulusi ndi mlendo m'thupi, ndipo tizirombo tikaukhalira mankhwala okha nthawi zina amalephera kufikira ulusiwo utachotsedwa. Munthu asayese kuzula yekha nsonga imene yatulukira.

Poyerekeza ndi opareshoni yaikulu yokweza nkhope, kusiyana kwake n'koonekeratu. Pa opareshoni dotolo amadula mozungulira khutu, nanyamula mnofu wa m'kati n'kuusokerera, nachotsa khungu lotsala. Imatenga maola angapo, kuchira kwake ndi masabata, zoopsa zake n'zokulirapo, ndipo mtengo wake ngokwera. Koma phindu lake limafika zaka ngati 10. Ulusi ngotsika mtengo ulendo umodzi, koma wofuna kusunga maonekedwewo ayenera kumabwerera chaka ndi chaka, ndipo akawonkhetsa za zaka zingapo ndalama zimayandikira za opareshoni ija. Palinso china chimene madotolo a opareshoni amadandaula nacho: nkhope yoikidwa ulusi kambirimbiri imakhala ndi zipsera za m'kati zimene zimavutitsa ntchito mwiniwake akadzafuna opareshoni m'tsogolo.

Popeza ntchitoyi imaoneka yapafupi, yalowereredwa ndi anthu amene anangophunzira kwa masiku ochepa, ena mwa iwo osakhala a zachipatala konse, ndipo ulusi wosadziwika kochokera umagulitsidwa pa intaneti. Munthu ali ndi ufulu wofunsa ngati womugwira nkhopeyo ali m'kaundula wa madotolo: ku Britain kaundulayo ali ndi General Medical Council, ku South Africa ali ndi Health Professions Council of South Africa, ndipo kuno ali ndi Medical Council of Malawi. Apemphe kuona paketi ya ulusi isanatsegulidwe, alembe dzina lake ndi nambala yake, afunse amene adzauchotse ngati utavuta ndi amene adzalipire. Za zithunzi zimene amaonetsedwa, asakhutire ndi za tsiku loyamba. Apemphe za anthu omwewo patapita miyezi 6 ndi patapita chaka, zojambulidwa pa kuwala kofanana, mutu uli chilili osapendekera m'mbuyo.