Dokotala Akusaka Ntchito, Odwala Akusaka Dokotala

Pa mabenchi a zipatala za ku Thambani, Kunenekude ndi Tulonkhondo m'boma la Mwanza pamamveka funso limodzi kawirikawiri. Odwala amene akudikira kuti aonedwe amati: "Pa wailesi timamva kuti madokotala ena otsiriza maphunziro angokhala pakhomo kusowa ntchito. Nanga bwanji kuno sitimuona ndi mmodzi yemwe?" Funso limeneli ndi loyenera kuliyankha mosazemba, popeza limakhudza mayi wapakati, mwana wodwala malungo ndiponso nkhalamba yovutika ndi mtima.

Kodi dokotala ndani?

Kumudzi aliyense wovala malaya oyera amatchedwa "adokotala". Ulemu umenewu ndi wabwino, koma maphunziro a anthuwa ndi osiyana. Medical assistant amaphunzira zaka 2, ndipo ndiye amene amapezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri. Clinical officer amaphunzira zaka 3, naonjezera chaka chimodzi choyeserera ntchito. Iyeyu amatha kuchita opaleshoni zina, monga yothandiza mayi amene walephera kubereka yekha. Dokotala wa digiri amaphunzira zaka 5, ndipo ambiri amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera. Nkhani ino ikunena za gulu lachitatuli.

Kumene madokotala amachokera

Kale Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kupita kunja kwa dziko. Dr Daniel Malekebu anaphunzira ku Meharry, m'dziko la America, natsiriza mu 1917. Dr Hastings Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937, kenaka napitiriza ku Edinburgh. Ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, ophunzira ankatumizidwabe kunja, ndipo ambiri sankabwerera.

Pofuna kuthetsa vutoli, sukulu ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo ziwirizi zinapanga Kamuzu University of Health Sciences. Chiwerengero cha otsiriza maphunziro chakhala chikukwera, komabe dziko lino silinafike pokhala ndi dokotala mmodzi pa anthu 10,000 alionse.

Makwerero a wofuna ntchito

Kulandira digiri sikumpatsa munthu ufulu woyamba kuona odwala payekha. Pali makwerero atatu.

Loyamba ndi kulembetsa ku bungwe la Medical Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987. Bungweli limasunga kaundula wa madokotala ndipo lili ndi mphamvu yolanda chilolezo cha wophwanya malamulo a ntchito.

Lachiwiri ndi kuyeserera ntchito kwa miyezi 18 pa chipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Pa nthawi imeneyi dokotala watsopano amazungulira m'mawodi a ana, a amayi, a opaleshoni ndi a matenda a akuluakulu, akuyang'aniridwa ndi akatswiri.

Lachitatu ndilo kupeza malo a ntchito yokhazikika. Makomo ogogodapo ndi awa: zipatala za boma, zipatala za mishoni zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zipatala zolipiritsa za m'mizinda, mabungwe othandiza ndi ochita kafukufuku, ndiponso maiko akunja. Pa khwerero lachitatuli ndi pamene ambiri amachedwa.

Chifukwa chake ntchito imavuta

Kusowa kwa dokotala pa chipatala ndi chinthu china, ndipo kupezeka kwa malipiro ake ndi chinthu chinanso. Boma silingalembe munthu ntchito pokhapokha Unduna wa Zachuma utaika ndalama za malipiro ake mu bajeti ya chaka chimenecho. Malipiro sali ngati kugula galimoto kamodzi n'kuiwala. Amabwera mwezi ndi mwezi kufikira munthu atapuma. Chuma chikavuta, boma limaimitsa kulemba antchito atsopano. Zipatala za mishoni nazo zimakhudzidwa, chifukwa malipiro a antchito ake ambiri amachokera kuboma komweko.

Izi zinaoneka poyera mu 2015, pamene madokotala 51 otsiriza kumene maphunziro anakhala miyezi osalembedwa ntchito chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Ena anayamba kuyang'ana ku maiko a kummwera monga Lesotho. Motero dziko limalima ndi kupalira, koma pokolola n'kubwera ena.

Panalinso nthawi imene zinthu zinayenda bwino. Kuyambira mu 2004 boma, mothandizana ndi maiko ena, linayendetsa ndondomeko yapadera yochulukitsa antchito a zaumoyo. Malipiro a magulu 11 a antchitowa anakwezedwa ndi 52 peresenti, ndipo sukulu zinayamba kulandira ophunzira ambiri. Phunziro lake ndi lakuti ndalama zikapezeka, antchito amapezekanso ndipo amakhazikika.

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti dokotala naye ndi munthu wa banja. Posankha malo amaganizira nyumba, madzi, magetsi, sukulu ya ana ndi ntchito ya mkazi kapena mwamuna wake. Amaganiziranso zipangizo. Dokotala wophunzira opaleshoni akaikidwa pamalo popanda chipinda cha opaleshoni, magazi kapena makina opimira, amafanana ndi mlimi wopanda khasu. Ofuna ukatswiri wapadera amafunikanso zaka 4 kapena kuposa pa chipatala chachikulu. N'chifukwa chake madokotala amachuluka m'mizinda, ndipo ochepa amene amafika m'maboma amaikidwa pa chipatala chachikulu cha bomalo, kumene odwala ovuta onse amatumizidwa.

Mmene zilili ku Mwanza

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 130,000 m'boma la Mwanza. Koma chipatala cha boma sichithandiza okhawa ayi. Bomali lili m'malire ndi Mozambique, ndipo odwala ochokera mbali ya Zobue amaoloka kudzafuna chithandizo. Msewu wa Blantyre kupita ku Tete umadutsa pomwepa, ndipo ovulala pangozi za pamsewu amathamangitsidwa ku chipatala chomwechi. Mu 2015 ndi 2016 anthu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza pa Kapise, ndipo katundu wa antchito a zaumoyo anakula.

Boma loyandikana nalo la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, likuonetsa kuti madokotala angathe kukhala kumudzi. Kuyambira mu 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo kumeneko, kumanga zipatala ndi kulemba antchito. Pamene malo akonzedwa, anthu ophunzira amavomera kukhala ngakhale kumapiri.

Zimene anthu akumudzi angachite

Bajeti imakonzedwa ku Lilongwe, koma mutu umodzi susenza denga. Anthu akumudzi ali ndi mbali yawo.

1. Asanyoze medical assistant, clinical officer, namwino kapena mzamba amene ali pafupi. Malungo, chibayo, kutsegula m'mimba ndi sikelo ya amayi ndi ana ndi ntchito imene anaiphunzira mokwanira. Kukhala pakhomo kudikira "dokotala weniweni" kwatayitsa miyoyo.

2. Wodwala akapatsidwa kalata yopita ku chipatala cha boma kapena ku Queen Elizabeth, anyamuke msanga. Kalatayo ndiyo njira yofikira kwa dokotala.

3. Makomiti a zipatala, mafumu ndi makhansala atengere ku khonsolo nkhani ya nyumba za antchito, madzi ndi misewu. Wantchito wolandiridwa bwino sapempha msanga kuti asamutsidwe.

4. Anthu achenjere ndi madokotala onama amene amabaya jekeseni m'misika ndi m'nyumba. Chipatala cholipiritsa chovomerezeka chimakhala ndi chikalata cha Medical Council, ndipo wodwala ali ndi ufulu wopempha kuchiona.

5. Makolo amene mwana wawo watsiriza maphunziro a zaumoyo asapereke ndalama kwa munthu wolonjeza kumpezera ntchito m'boma. Ntchito za boma zimalengezedwa poyera ndipo sizigulitsidwa.

Mwana wa ku Mwanza amene akukhoza bwino masamu ndi sayansi alimbikitsidwe, kaya ndi mtsikana kaya mnyamata. Ndalama za manachesi zolipirira sukulu yake sizipita pachabe. Wokulira kwa Kanduku kapena kwa Nthache amadziwa misewu, chilankhulo ndi miyambo ya kumeneko, ndipo akadzavala malaya oyera sadzaona chachilendo kubwerera kwawo kudzatumikira abale ake.