Phula ndi mafuta a ng'ombe: chishango cha zida za mlimi

Ku Honde Valley ndi ku Chipinge mvula imagwa yambiri. Tiyi amakondwa nayo, koma chitsulo ayi. Mpeni wodulira tiyi ukagona wonyowa, dzimbiri silichedwa, ndipo kwa mlimi wamng'ono kugula wina ndi ndalama.

Mankhwala ake ndi akalekale. Asilikali a Britain ankapaka zipolopolo mafuta a nyama ndi phula la njuchi kuti zizilowa bwino m'mfuti. Mbiri yoti mafutawo anali a ng'ombe ndi a nkhumba inathandiza kubutsa nkhondo ya ku India mu 1857. Ife tisiye za mfutizo, titengepo nzeru yokha.

Sungunulani phula pang'ono ndi mafuta a ng'ombe ochulukirapo m'chitini choviikidwa m'madzi otentha, osati pamoto penipeni, chifukwa phula limayaka. Mafutawo akhale opanda mchere, pakuti mchere ndiwo umaitana dzimbiri. Zikazizira, pakani pa mipeni, makasu ndi zikwakwa mutazipukuta bwino.

Koma mu injini ndi m'zitsulo zozungulira mothamanga musayeseremo. Phula limasungunuka likangopitirira madigiri 60, ndiye limayenderera n'kusiya chitsulo chouma. Mmenemo mukufunika girisi wa m'sitolo basi.