Malire a ku Ulaya ayambanso kufunsa ziphaso

Pa 14 June 1985, m'mudzi wa Schengen ku Luxembourg, mayiko asanu adasainirana pangano loti anthu azidutsa malire awo popanda kuimitsidwa. Panganoli lidayamba kugwira ntchito mu 1995, ndipo pofika mu 2025 mayiko ake adakwana 29. Ife amene tidakula tikuona mabanja a ku Mchinji ndi Chipata akulira maliro amodzi, tikudziwa kuti malire sadula chibale. Chomwechonso ku Ulaya, anthu ambiri amagona dziko lina nkumagwira ntchito dziko lina.

Koma ufulu umenewu wakhala ukuchepa. Mu September 2015, anthu othawa nkhondo atachuluka, dziko la Germany lidayambanso kufunsa ziphaso pa malire ake ndi Austria. France idachita chimodzimodzi mu November chaka chomwecho, mwezi umene zigawenga zidapha anthu ku Paris. Pa 16 September 2024 Germany idaika apolisi m'malire ake onse a pamtunda, Netherlands idatsatira mu December, ndipo mu July 2025 Poland nayo idayamba kufunsa ochokera ku Germany ndi Lithuania. Lamulo limalola zimenezi kwa kanthawi chabe. Mu 2022 khoti lalikulu la European Union lidagamula kuti dziko silingamangowonjezera nthawiyo popanda chiopsezo chatsopano, koma mu 2024 lamulolo lidasinthidwa kuti nthawi yake italike.

Amene amamva ululu woyamba ndi okhala m'mbali mwa malire. Ku Luxembourg, anthu oposa 200,000 amalowa kudzagwira ntchito kuchokera ku France, Belgium ndi Germany. Mizinda ya Strasbourg ndi Kehl idalumikizidwa ndi sitima ya m'tauni mu 2017, pamene Frankfurt an der Oder ndi Słubice imangosiyanitsidwa ndi mlatho. Magalimoto akandanda pa mlatho wotere, namwino amachedwa kuchipatala, ndipo kholo limapeza mwana atatsala yekha pa sukulu ya mkomba phala.

Kwa ife obwera, nkhaniyi ndi yolemera koposa. Mabungwe omenyera ufulu akhala akudandaula kuti m'mabasi ndi m'sitima anthu akuda ndi amene amafunsidwa kawirikawiri. Pa ntchito yathu yothandiza mabanja timaona kuti vuto lalikulu silikhala kusowa chilolezo ayi, koma kuiwala mapepala kunyumba, kapena kuyenda ndi chiphaso chimene masiku ake atha.

Choncho tikumbutsane izi. Amene ali ndi chilolezo chokhalira m'dziko la Schengen angathe kucheza m'mayiko enawo masiku 90 mwa masiku 180 aliwonse, koma anyamule pasipoti pamodzi ndi chilolezocho. Britain ndi Ireland sali m'panganoli, kotero wokhala ku London kapena Dublin ndi pasipoti ya Malawi afunika viza asanapite ku Paris. Amene pempho lawo lothawirako likudikira yankho asawoloke malire asanafunse loya. Mwana akamayenda ndi kholo limodzi, ndi bwino kutenga kalata ya chilolezo cha kholo linalo.

Abale ndi alongo, tisanagule tikiti ya ku ukwati kapena ku maliro, tiyambe tatsegula pasipoti ya aliyense wa m'banja, ya khanda yomwe, nkuona tsiku limene ikuthera.