Lole ya Asilikali Isanduka Nyumba ya Wailesi

M'nkhani ya lero tifotokoza m'mene lole imene inatha ntchito yake kwa asilikali ingasandutsidwire galimoto yogonamo ndiponso yonyamula zipangizo za wailesi. Tiyang'ana makamaka dziko la Lundazi, pakuti kumeneko n'kumene phindu la galimoto yotere lioneka poyera.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Wailesi inayamba kuulutsa mawu ku Lusaka mu 1941. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kamene Harry Franklin anapempha kampani ya Ever Ready kuti ipange, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Anthu a m'midzi atayamba kumvera, anafunanso kumva nyimbo zawo ndi chinenero chawo. Motero antchito a wailesi anali kuyenda ndi galimoto m'maboma kukajambula mawu, ndipo nyimbo zotere ndi zimene Alick Nkhata anazikweza kufikira zinadziwika m'dziko lonse.

Kuchokera ku Chipata kufika ku Lundazi pali makilomita pafupifupi 180. Vuto lenileni liyamba mukapatuka kuti mutsikire ku chigwa cha Luangwa, kwa Mfumu Kazembe, kwa Chitungulu kapena kwa Mwanya, madera amene kuyambira 2018 ali m'boma la Lumezi. Kumeneko kuli mitsinje ya mchenga ndi dothi lakuda loterera, ndipo nyumba zogona alendo n'zosowa. Wofalitsa nkhani wa wailesi monga Chikaya ya pa Lundazi, akafuna kumva za alimi a thonje kapena za njovu zoononga minda, ayenera kunyamula pogona pake, madzi ake ndi magetsi ake.

Malole a asilikali anapangidwira njira zotere. Bedford RL ya ku Britain, imene inayamba kupangidwa mu 1953, imakoka ndi mawilo onse anayi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 malole a Bedford otsala kwa asilikali ankanyamula alendo pamtunda kuchokera ku London kufika ku Johannesburg. Ina ndi IFA W50 ya ku East Germany, yopangidwa kuyambira 1965 mpaka 1990. Komabe walira mvula walira matope: malole amenewa amamwa mafuta kwambiri, amayenda pang'onopang'ono, ndipo zitsulo zake n'zovuta kupeza. Musanapereke ndalama, lowani kunsi pamodzi ndi makanika. Yang'anani dzimbiri pa zitsulo ziwiri zazitali zimene galimoto yonse yakhalirapo, zotchedwa chasisi. Yesani mabuleki, ndipo onani ngati matayala ali ndi ming'alu, chifukwa tayala lokhalitsa padzuwa limaphulika ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano.

Pomanga chipinda, ambiri amalakwa chinthu chimodzi. Chasisi ya lole yotere inapangidwa kuti idzipindika pang'ono wilo limodzi likagwera m'dzenje. Mukawotcherera chipinda cholimba pa chasisiyo, kupindika konse kulowa m'makoma. Zitseko zikana kutseka, ndipo denga liyamba kudontha. Njira yabwino ndiyo kumanga chipindacho pa maziko akeake achitsulo, ndi kuwalumikiza ku chasisi ndi mabawuti okhala ndi masipuling'i, kapena pa malo atatu okha, monga m'mene mphika umakhazikikira pa mafuwa atatu ngakhale pansi pali pokumbika.

Samalaninso kulemera. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 200 ilingana ndi matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50. Thanki, mabatire ndi zida zolemera zikhale pansi, pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Katundu wolemera pa denga amagubuduza lole pamalo opendekeka. M'makoma ikanimo zotchinga kutentha, pakuti mu October chigwa chimatentha koopsa, ndipo zotchingazo zimachepetsanso phokoso pojambula mawu. Mazenera akhale ndi sefa yotsekereza udzudzu ndi kashembe. Mbaula isalowe m'chipinda chotseka ngakhale m'nyengo yozizira ya June, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo.

Tsopano tifike pa magetsi, amene ali mtima wa ntchito yonseyi. Malole ambiri a asilikali amayendera mavolti 24, pamene zipangizo zambiri za wailesi zifuna 12. Musatenge magetsi pa batire imodzi yokha mwa awiri olizira injini, popeza imeneyo idzafa msanga. Gulani kachipangizo kotsitsa mavolti, ndipo chipinda chikhale ndi mabatire akeake, kuti ngakhale mutajambula mawu usiku wonse, injini ilire m'mawa. Tiyerekeze kuti kompyuta, nyale ndi wailesi zidya mawati 200 kwa maola 5. Pamenepo mwagwiritsa ntchito mawati 1,000 owerengedwa pa ola. Batire wamba wa asidi sayenera kutsitsidwa kupitirira theka, motero mufunika mabatire osunga kawiri kuposa pamenepo, monga awiri a mavolti 12 ndi 100 Ah aliyense. Sola ya mawati 300 pa denga ingathe kubwezera zimenezo tsiku la dzuwa. Jenereta ikhale yosungira masiku a mitambo, ndipo iikidwe patali ndi maikolofoni.

Nanga mawu adzafika bwanji ku nyumba youlutsira? Mafunde a FM, a pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, amayenda molunjika ngati kuwala, ndipo phiri limawatchinga. N'chifukwa chake mlongoti uyenera kukwera pamwamba, ndipo lole iime pa chitunda. Mafunde a shortwave amakwera kumwamba, nabwereranso pansi kutali. Waya wa mamita pafupifupi 20, womangidwa pakati pa mitengo iwiri ndi kulandira mphamvu pakatikati pake, ukwanira pa 7 MHz, ndipo ungalumikize chigwa ndi boma pamene foni yakana. Kumene foni ikugwira, mawu angatumizidwe pa intaneti. Musanakweze mlongoti, yang'anani kumwamba ngati kuli mawaya a ZESCO. Mabingu akayamba, utsitseni ndi kuzula mawaya onse. Ndipo musanyamuke usanatsike.

Potsiriza pali lamulo. Safunsa anadya phula. Sungani makalata oonetsa kuti loleyo munaigula moyenera, fufutani utoto ndi zizindikiro za asilikali, ndipo ikalembetsedwe ndi kuyesedwa ku RTSA. Chilolezo cha mafunde chichokera ku ZICTA, ndipo choulutsira mawu kwa anthu onse chichokera ku IBA. Mukafika m'dera, yambani mwakaonekera kwa mfumu ndi kwa anyakwawa musanatulutse maikolofoni. Mukachita zonsezi, mayi wa kwa Chitungulu adzatha kunena yekha za munda wake, ndipo a ku boma adzamumva tsiku lomwelo.