Mpunga Ukadali M'munda, Chasintha ndi Kaundula

Malaputopu ambiri amene akugwira ntchito kuno kwa Kanyenda anafika atatumikira kale kwina. Ina anabwera nayo mlamu wochokera ku Joni, ina inagulidwa ku Lilongwe kwa ogulitsa makompyuta a kaunjika, ina ndi ya aphunzitsi a ku sekondale ndipo imasunga mayeso ndi malikisi a ana a fomu 4. Pa Dwangwa pali achinyamata amene amadyera pa kompyuta: kubana nyimbo ndi mafilimu, kutaipa makalata a ofuna ntchito ya nzimbe, kusindikiza zithunzi za pa ukwati. Kwa onsewa, zimene zili m'kati mwa makinawo n'zamtengo kuposa makinawo.

Chiyambire pamene Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10, ambiri akhala akufuna kusamukira ku Windows 11. Munthu amaonera kavidiyo pa YouTube, n'kumva kuti ayambe wasintha disiki yake kuchoka ku MBR kupita ku GPT. Amasinthadi, n'kuzimitsa kompyuta. Poyatsa, sikirini ili bii, pakona pali timawu toti "No bootable device" kapena "Operating system not found". Akapita nayo kwa mnyamata wokonza, yankho limabwera asanakhale n'komwe pansi: "Bwana, iyi tingoifomata basi." Yankho limeneli ndimalikana. Nthawi zambiri pamakhala palibe fayilo n'imodzi yomwe imene yafufutika, ndipo chimene chimadzataya katundu ndi kufomatako.

Kuti timvane, tiyeni kudambo. Disiki ili ngati dambo lalikulu la mpunga, monga awa a m'mbali mwa Bua. Dambo ndi limodzi koma minda ndi ingapo: uwu wa Windows, uwu wa mafayilo anu, uwu waung'ono wosungiramo zokonzera makina. Minda imeneyi ndiyo mapatishoni. Pa disiki palibe chikhomo kapena mtengo wa m'malire woti munthu n'kuloza. Chimene chimalekanitsa munda ndi unzake ndi kaundula yekha, momwe mwalembedwa kuti munda wakuti wayambira apa ndipo wathera apo. Anthu a kuno sitichita kuuzidwa kulemera kwa kaundula wa malo. Nkhani za malire mozungulira minda ya nzimbe ya Dwangwa zazunguza mitu kwa zaka zambiri, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 linabwera kuti malire amene ankasungidwa m'mitu ya nyakwawa ndi akuluakulu azilembedwa. Koma aliyense amadziwa kuti kusamutsa malire kuchoka m'kope lakale kupita m'buku latsopano sikuzula phesi la mpunga n'limodzi lomwe.

MBR ndi kaundula wakale, wa 1983, nthawi ya ma PC oyamba a IBM. Ndi kapepala kamodzi ka ma byte 512, kopachikidwa pakhomo penipeni pa dambo, pa sector yoyamba ya disiki. Kali ndi mizere 4 yokha, choncho minda ikuluikulu singapitirire 4, ndipo dambo loposa 2 TB kamalephera kuliwerenga lonse. Kope lina kulibe, kakawonongeka kawonongeka. GPT anaiyambitsa a Intel kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pa Windows imalola minda 128, ndipo imasunga makope awiri, lina koyambirira kwa disiki, lina kumapeto.

Tsopano mukadina batani loyatsira, pamadzuka waganyu. Ntchito yake ndi imodzi: kupeza njira ya kumunda wa Windows n'kukadzutsa mwini wake. Waganyu ameneyu sagona pa disiki ayi, kwawo ndi pa motherboard, ndipo vuto lonse limayambira apa, chifukwa mukasintha disiki iye simunamukhudze. Aganyu alipo awiri. Wakale, BIOS, njira yake ndi imodzi kuyambira kalekale: amafika pa kapepala ka pakhomo kaja, n'kutsatira kalangizo kolembedwa pamenepo kopita kumunda wochongedwa kuti "active". Watsopano, UEFI, kapepalako alibe nako ntchito. Amapita ku kaofesi ka pa dambo, patishoni yaing'ono ya FAT32 yotchedwa EFI System Partition, imene Windows kawirikawiri imaipatsa 100 MB, ndipo m'menemo amapeza fayilo yodzutsira Windows. Windows payokha ndi yokakamira pa nkhaniyi. Imafuna BIOS aziyenda ndi MBR, UEFI aziyenda ndi GPT.

Ndiye taganizani mwasamutsa kaundula kupita ku GPT koma waganyu akadali wakale uja. Afika pakhomo mbandakucha, apeza kapepala kena kamene GPT imasiya dala pamalopo, kongonena kuti dambo lonse lili ndi mwini, musakhudze. Chizindikiro cha munda woti apiteko palibe. Amaima kanthawi, n'kubwerera kudzakuuzani kuti sanapeze kanthu. Bodza sananene, koma mpunga uli momwemo, sanadziwe njira basi.

Choyamba kuchita ndi kusintha waganyuyo, ndipo sizitenga mphindi zisanu. Yatsani kompyuta n'kudina msanga batani lolowera ku makonzedwe ake. Pa HP ndi Esc kenako F10, pa Dell ndi F2, pa Lenovo ThinkPad ndi F1. Funani polembedwa Boot Mode. Mukapeza pali Legacy kapena CSM, sinthani paike UEFI, muonetsetse kuti Windows Boot Manager ili pamwamba pa mndandanda wa zoyambira, musunge, muyatsenso. Ngati munachita kubwerera m'mbuyo, kuchoka ku GPT kupita ku MBR, ndiye kuti mukufunika Legacy. Muli m'menemo musagwiregwire zina. Pali malo ena olembedwa SATA, okhala ndi AHCI kapena RAID, amene anyamata amakonda kusintha poyesa mwayi. Mukawasintha, Windows imayamba kudzuka kenako n'kugwa ndi sikirini yabuluu yonena kuti "INACCESSIBLE BOOT DEVICE", ndipo mwadziwonjezera matenda achiwiri pamwamba pa oyamba.

Pali kanthu kena kamene kamapusitsa ngakhale odziwa. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri ka CR2032, kamene kamasunga makonzedwe aja makina akazima. M'makompyuta a kaunjika kamabwera katatopa kale. Mumasintha bwinobwino kuika UEFI, kompyuta n'kuyaka, koma mawa m'mawa yabwereranso ku "No bootable device" chifukwa usiku yaiwala zimene munaiuza. Mukaona kuti deti ndi nthawi zikusokonekera tsiku lililonse, gulani kabatire musanakaikire disiki.

Ngati mwaika UEFI koma sizikuyakabe, ndiye kuti waganyu watsopano wafika ku kaofesi n'kupeza mulibe kanthu, kapena kaofesiko sikanamangidwe n'komwe. Zimenezi zimachitika kwambiri munthu akagwiritsa ntchito timapulogalamu tina tosinthira kaundula, kapena akakopera disiki yakale kupita pa SSD n'kusiya kapatishoni kakang'ono kaja poganiza kuti n'kachabechabe. Apa pafunika fulashi yoinstolera Windows. Yatsani kompyuta kudzera pa fulashiyo, ndipo pa sikirini yoyamba dinani Shift ndi F10 pamodzi kuti patseguke windo lakuda. Lembani diskpart, kenako list disk. Disiki ya GPT imaonetsa kanyenyezi kumapeto kwa mzere wake. Lembani list volume. Apa ndi pamene mtima umakhala pansi, chifukwa minda yanu yonse imaoneka ndi kukula kwake. Pezani kapatishoni ka FAT32 kaja, mukasankhe polemba select volume ndi nambala yake, mulembe assign letter=S, kenako exit. Mukatero lembani bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI. Lamulo limeneli limakopera mafayilo odzutsira kuchoka m'munda wa Windows n'kuwaika mu kaofesi. Chenjerani ndi chilembo C, chifukwa m'windo lakudali Windows nthawi zina imakhala pa D kapena E. Yambani mwalemba dir C:\Windows muone ngati ilidi pamenepo. Kapatishoni ka FAT32 kakakhala kuti kulibiretu, kamatheka kupangidwa podula pang'ono munda wa Windows, koma ntchito imeneyo ndi ya munthu amene anaichitapo, ndipo ayambe wakopera mafayilo anu kwina.

Vuto lalikulu ndi lina, ndipo limeneli munthu amadziputira ndi manja ake. Akuinstola Windows, makina amukanira kuti "Windows cannot be installed to this disk. The selected disk is of the GPT partition style." Mavidiyo ambiri amati lowani mu diskpart, lembani clean, kenako convert mbr, mwathana nazo. Sanena momveka kuti clean amang'amba kaundula yense, wa minda yonse, kuphatikizapo D kumene munthu anasungako zithunzi za ana ndi mabuku a bizinesi. Chomvetsa chisoni n'choti uthengawo sunali kunena kuti disiki ndi yolakwika. Unali kunena kuti fulashi yayatsidwa ndi waganyu wakale. Pa mndandanda wa zoyambira, umene umabwera ndi F9 pa HP kapena F12 pa Dell ndi Lenovo, fulashi imodzi yomweyo kawirikawiri imaoneka kawiri, kwina ndi dzina lake lokha, kwina ndi mawu oti UEFI kutsogolo. Kusankha ya UEFI kukanathetsa nkhani. Pokonza fulashi ndi pulogalamu ya Rufus palinso posankha MBR kapena GPT, ndipo posankhapo pazigwirizana ndi kompyuta imene mukukainstolayo.

Ngati clean walembedwa kale, imani pomwepo. Kaundula wapita koma mbewu zikadali m'nthaka. Pulogalamu yaulere ya TestDisk, yolembedwa ndi Christophe Grenier wa ku France, imayenda pa disiki yonse kufunafuna pamene munda uliwonse unayambira, ndipo nthawi zambiri imatha kulembanso kaundula. Imalephera pamene wina walima kale pamwamba, kutanthauza kuti wafomata ndi kuinstola Windows yatsopano pamalo omwewo. Pa SSD zinthu zimavuta msanga, chifukwa ikauzidwa kuti malo akuti alibe mwini imawayeretsa yokha. Choncho kompyuta yotere musaiyeseyese. Chotsani disiki, mukailumikize ku kompyuta ina, mupulumutse kaye mafayilo.

Kwa amene sanasinthe koma akufuna kutero, njira yabwino ilipo. Mu Windows lembani msinfo32 muone polembedwa BIOS Mode. Pakakhala UEFI, disiki yanu ndi ya GPT kale, musavutike. Pakakhala Legacy, yambani mwalowa ku makonzedwe aja mutsimikize kuti makinawo ali ndi UEFI, chifukwa ambiri opangidwa 2012 isanafike, chaka chimene Windows 8 inatuluka, alibe kapena ali nayo yoperewera. Microsoft inaika chida chake chotchedwa MBR2GPT mu Windows 10 kuyambira 2017. Mumayamba ndi mbr2gpt /validate /allowFullOS, chimene chimangofufuza osasintha kanthu. Chimakana disiki yokhala ndi mapatishoni akuluakulu oposa 3, chifukwa chimafuna malo omangapo kaofesi kaja. Chikavomera, mumalemba mbr2gpt /convert /allowFullOS, kenako n'kukasintha Legacy kuika UEFI nokha, poti chidacho sichikuchitirani zimenezo. Chilibenso njira yobwerera. Mafayilo ofunika akhale atakoperedwa pa disiki ina. Ngati disiki ndi yokhomedwa ndi BitLocker, muimitse kaye ndipo mulembe papepala kiyi wake wa manambala 48. Komanso kuno magetsi amathima osatsanzika, ndiye laputopu ya batire yakufa kapena desktop yopanda UPS si yoyambira ntchito imeneyi mitambo ikuda kunyanja.

Koma dzifunseni kaye ngati kusinthako kukupindulirani. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, sifuna GPT ndi UEFI zokha. Imafunanso TPM 2.0, ndipo pa mapurosesa a Intel Core, kupatula ochepa kwambiri, imayambira pa m'badwo wa 8, umene unayamba kutuluka mu 2017. Ma EliteBook, ma Latitude ndi ma ThinkPad a Core i5 ya m'badwo wa 3 kapena wa 4, amene ndi ochuluka m'mashopu a kuno, sali pa mndandanda umenewo. GPT siwonjezera liwiro la kompyuta ngakhale pang'ono. Ngati makina anu ndi a m'badwo umenewo ndipo disiki yake siposa 2 TB, isiyeni pa MBR, ndipo ndalama imene mukanalipira wofomata mugulire disiki ina yosungirako mafayilo.